Tsiku Lomwe a Khansala Anakana Kudumpha

"Mipandoyo ikani kumsewu, osati pabwalo," anatero Nokhaya, uku akulanda mpando m'manja mwa Thozama, mnzake wa kukwaya.

"Sisi, msonkhano wonse anthu akhale kumsewu? Magalimoto atigunda."

"Bola galimoto, ili ndi mabuleki."

Bwalolo linali kuseri kwa sukulu yamkaka ya Nokhaya. Pansi pake panadutsa ngalande ziwiri zikuluzikulu, zomwe kale zinkakoka madzi a m'nyanja kukaziziritsa makina pa siteshoni yopangira magetsi. Siteshoniyo inatsekedwa kalekale, koma ngalandezo zinangosiyidwa, zikugumuka mkati. Chaka chimenecho khoma la sukulu linang'aluka, makolo n'kuyamba kuchotsa ana awo mmodzimmodzi. Kuti ngalande zikwiriridwe, pankafunika mainjiniya adzapime kaye, ndipo ndalama za kafukufukuyo zinkadikira voti ya khonsolo. Khansala Mlamli Sodladla, wapampando wa komiti ya zachuma, ankangoti mawa, mawa.

"Nthaka imeneyo ndi yolimba, Mama," ankatero. "Njovu ikhoza kugonapo."

Chisankho chitayandikira, Sodladla anafuna malo ochitira msonkhano. Nokhaya anapereka bwalo lake ndi manja awiri.

Khansalayo anali ndi thupi ndithu, koma pa toyitoyi, gule wa pamisonkhano ya ndale, panalibe womuposa. Akadumpha, mawondo ankafika pamimba, fumbi koboo. Ena ankamuvotera chifukwa cha miyendo yomweyo.

Tsiku la msonkhanolo, Sodladla anafika masana, nthawi yomwe madzi a m'nyanja amakwera. Anapeza anthu ali ndondondo m'mbali mwa msewu, bwalo lili pululu.

"Nanga anthu anga akhalira kutali bwanji?"

"Takusiyirani malo, Tata," anayankha Nokhaya. "Mwendo wanu sufuna zothinana."

Amayi anayambitsa nyimbo, manja akulira. Sodladla analowa pabwalo chibakera chili m'mwamba, mano onse panja. Atafika pakati, pansi panamveka guu! Linali funde likumenya m'ngalande. Timiyala tinagubudukira mu mng'alu womwe unali pafupi ndi nsapato yake, ndipo sitinamveke pofikira. Mwendo umene anaukweza unatsika pang'onopang'ono, ngati akuyesa madzi osamba.

"Dumphani, Tata!" anakuwa Thozama. "Kapena zakudya za kukhonsolo zalemera?"

"Bondo, amayi inu. Bondo likundivuta lero."

"Dzulo kuholo linali bwinobwino!" anatero bambo wina kumbuyo.

"Musaope," anawonjezera Nokhaya. "Paja pamenepo pogona njovu. Inu simunafike pa njovu, mwangotsala pang'ono."

Anthu anafa nacho chiseko. Nyimbo inakwera. Sodladla ananyang'ama kubwerera kumsewu, thukuta lili kamukamu, n'kumukokera Nokhaya pambali.

"Mama, mukufuna kundiphetsa?"

"Inu mwangoimapo kanthawi. Ana a eni ake akhala akuthamangapo tsiku ndi tsiku, ine mtima uli m'mwamba." Anamupatsa chimkuzamawu. "Kuvina kwakanika. Lankhulani."

Sodladla anayang'ana bwalo, anayang'ana anthu. Ambiri anali atakweza mafoni. Anatsokomola, kenaka analengeza kuti iye, monga mwana wa m'deralo, wakhala akulephera kugona chifukwa cha ngalandezi, ndipo nkhani ya mainjiniya ailowetsa pa msonkhano wa khonsolo.

"Uti?" anafunsa Nokhaya, osafuna chimkuzamawu.

"Ukubwerawu."

"Tibwera tonse, ndi nyimbo yomweyi."

Nokhaya ndi anzake anapitadi. Anadzaza mabenchi a alendo atavala za kukwaya, manja pamiyendo. Itakwana nthawi yovota, dzanja la Sodladla linali loyamba kukwera, ndipo anzake anatsatira.

Mvula isanayambe, lole inatsitsa makina obowolera nthaka pabwalo paja. Nokhaya anali atasamutsira ana kuholo ya tchalitchi, ndipo makolo ena anali atayamba kale kufunsa malo. Mtsogoleri wa mainjiniya, mayi wachitsikana wovala chipewa cholimba, anabwera kudzatenga makiyi a geti.

"Ife tingopima, Mama," anachenjeza. "Kukwirira ndi voti ina."

"Ndikudziwa," anatero Nokhaya, akumuika makiyi m'manja. "Inu pimani msanga. Votiyo tisiyireni ife."