Mkono wa Kumanzere

Khadi lija lolipirira basi ndi sitima ndinalisokera ndekha mumkono wa jekete ya bambo anga, ndipo ndinkadzitama nazo kwa aliyense wobwera kudzafupikitsa thalauza pa kashopu kanga mumsika wa ku Shau Kei Wan. Bambo anali atataya makhadi atatu m'chaka chimodzi. Lina analiika mufiriji, lina anapatsa mwana wa eni m'basi ngati bisiketi. Ndiye ine Wai-fong Tsang, telala wa zaka makumi awiri pa makina, ndinati tione ngati mkono nawonso adzautaye. Ndinasankha wa kumanzere poti iwo ndi amanzere. Timitengo todyera, sipanala pa nthawi imene ankakonza injini za maboti, ngakhale mbama zimene ankatipatsa tili ana, zonse zinkachokera kumanzere.

Matenda oiwala anawalanda zambiri. Dzina la malemu amayi linapita, langa linatsatira, moti masiku ambiri ankanditcha "mayi inu" ngati wogulitsa masamba. Koma dutu anawasiyira. Basi, geti la sitima, chitseko chachikulu cha nyumba yathu yosanja, zonsezi umagunditsa khadi, kukalira dutu, iwe n'kudutsa. M'mutu mwa bambo munangotsala lamulo limeneli, ndipo analikulitsa okha: khomo lililonse sankalidutsa lisanalire. Pakhomo la bafa ankaima, n'kugunditsa mkono pa felemu, n'kumadikira. Ine ndili kukhitchini ndinkangokuwa kuti "Dutu!" iwo n'kulowa. Kuwakoka kunali kudzivuta. Ukawagwira modzidzimutsa ankadzipokonyola ndi mphamvu za munthu amene ananyamula injini moyo wake wonse, n'kuthawira kutsogolo.

Loko wanga anali ameneyo. Ndinkadziwa kuti ngakhale nditawasiya okha, chitseko cha nyumba sangachidutse popanda pakamwa panga. Ndinkadziona wochenjera kwambiri, ine.

Tsikulo m'mawa chizindikiro cha namondwe chinali pa nambala fili, ndipo pa TV ankati eyiti, ya mphepo yoopsa yotseketsa maofesi ndi masitolo, ikwezedwa cha m'ma thu koloko. Bambo anali pampando wawo, jekete ili m'thupi monga mwa masiku onse, poti ngakhale kutenthe bwanji sankaivula. Anayang'ana mapu a mphepo aja n'kunena kuti, "Maboti amangidwe." Ndinawayankha kuti amangidwa kale. Ndinatsuka mpunga, kuuika mumphika wamagetsi, n'kuthamangira kumsika kukaphimba makina ndi kutseka bwino kashopu.

Ola silinakwane. Pobwera ndinapeza chitseko chili pululu, pampando palibe munthu, m'nyumba monse mukununkhira mpunga wakupsa. Ndinaima n'kuuyang'ana mphika uja. Mphika umenewo mpunga ukapsa umalira kamodzi. Umalira ndendende ngati geti.

Chikepe ndinaona kuti chikuchedwa, ndinatsika wapansi masitepe a nsanjika zonse khumi ndi zinayi. Pakhomo lalikulu ndinapeza a Kau, alonda athu, akumata tepi pa galasi.

"A Kau, bambo anga mwawaona?"

"Eee, atuluka kalekale, achemwali. Agunditsa bwinobwino ngati bwana wopita ku ofesi. Ndawapatsanso moni."

"Moni! Munthu wosadziwa dzina lake mwamupatsa moni? Masowa muli nawo ndi okongoletsa nkhope?"

"Nanga si chitseko chawalola? Ine ndimagwira amene chawakana."

Ndinafuna kuwalavulira mawu ena oipa, koma ndinawameza. Zoona zake, amene anapatsa bambo kiyi wa mzinda wonse n'kuwasokera m'thupi sanali a Kau.

Kupolisi anandipatsa mayi wina wamfupi, a Szeto, wolankhula pang'onopang'ono moti ndinkafuna kumawamalizitsira mawu. Anatenga chithunzi cha bambo ndi nambala ya khadi, yomwe ndinali nditailemba kuseri kwa chithunzicho.

"Mtima m'malo, mayi Tsang," anatero. "Khadi limeneli limasiya mapazi. Paliponse pamene lalira pamalembedwa. Tafunsa kale kwa eni ake, tingodikira."

Ndinadikira theka la ola pa benchi yachitsulo. Kenaka anabwera ndi kapepala.

"Lalira pa geti lolowera kusiteshoni ya konkuno, mphindi zisanu ndi zitatu isanakwane leveni. Potulukira silinalire paliponse. Ndiye kuti ali m'kati. Tauza masiteshoni onse."

"Nanga makamera?"

"Tapempha. Koma lero anthu akutuluka m'maofesi nthawi imodzi, ogwira ntchito onse ali pa mapulatifomu. Ationetsa akapeza mpata."

M'kati. Mawu amenewa a Szeto ankayesa ondilimbitsa mtima, koma ine anangondiwonjezera mantha. Pansi pa nthaka pamenepo chilichonse chimalira. Zitseko za sitima zikamatsekeka zimalira motsatizana, ndipo ndinawaona bambo m'maganizo akulowa pa kulira kulikonse, akutuluka pa kulira kwina, phazi likukodwa pampata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu. Sindikanatha kukhala pa benchi. Ndinalowa m'siteshoni n'kukwera sitima yoyamba imene inabwera.

Maola atatu amenewo sindifuna kuwakumbukira. Ndinkatsika pa siteshoni iliyonse, kuthamanga pulatifomu yonse, kusuzumira kuseri kwa zipilala, kukweranso. Anthu anali atathithikana ngati nsomba za m'chitini, aliyense ndi ambulera yake yodontha ndi thumba la zakudya, aliyense maso ali pa foni. Ndinkawaika chithunzi pamphuno. "Agogo awa, jekete yotuwa, simunawaone?" Ena ankapukusa mutu asanayang'ane n'komwe. Kawiri konse ndinagwira phewa la mkulu wa eni ake. Wachiwiriyo anandikalipira kuti ndine wamisala, ndipo sindinamutsutse. Nthawi ina sitima inaima mumdima pakati pa masiteshoni awiri, mawu n'kulengeza kuti pali chovuta pang'ono kutsogolo. Ndinagwira chitsulo ndi manja onse awiri, ndikudziwa mumtima kuti chovutacho chavala jekete yotuwa. Patapita mphindi imodzi sitima inanyamuka.

Eyiti itakwezedwa ndinabwerera ku Shau Kei Wan. Ndikuyandikira mageti otulukira, foni inalira. Anali a Szeto. Ndinaiika kukhutu ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kutenga chikwama changa cha khadi.

"Silinalirebe, mayi," ankatero. "Koma musataye mtima."

Ndinagunditsa chikwama, dutu, n'kupita kutsogolo. Chitsulo cha geti chinandimenya pamimba, osasuntha. Ndinakankhanso, ayi ndithu. Pomwepo kumanzere kwanga bambo wina wonenepa anadutsa mosavuta pa geti loyandikana nalo, khadi lake likadali m'manja. Anacheuka n'kuseka.

"Zikomo achemwali, mwanditsegulira langa! Lanu lili kumanja uko."

Ndinangoti kakasi. Pogunditsira khadi pa geti lililonse pali kudzanja lamanja. Mwana aliyense amadziwa zimenezi, dzanja limangopita lokha. Ukagunditsa kumanzere watsegulira mnzako. Ine ndikamayenda ndi bambo tinkadzera pa geti lalikulu la anthu a njinga za olumala, ndipo mkono wawo ndinkaukokera ndekha pamalo pake. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti ali okha angachite bwanji.

"A Szeto!" ndinakuwa mufoni. "Sanalowe! Khadi lili kumanzere! Atsegulira munthu wina, iwo geti lawakana! Tsiku lonse tikusaka munthu amene kulibe!"

Sindinadikire yankho. Ndinakwawa pansi pa chitsulo ngati mbava, wantchito wina akundikuwira kumbuyo. Pokwera masitepe mutu unayamba kugwira. Munthu wokanidwa pa geti amabwerera kunja, ndipo miyendo imamutengera kumene inazolowera. Maboti amangidwe. Anandiuza okha m'mawa, ine n'kuwayankha ngati ndikuyankha wailesi.

Kunja mvula sinkagwa kuchokera kumwamba, inkachokera m'mbali. Masitolo onse anali otseka, msewu uli mbee, chikwangwani china chikukhokhomoka pamwamba panga. Ndinathamanga kulowera kudoko kumene maboti amabisala mphepo, nsapato imodzi inavuka ndipo sindinaitole. M'mphepete mwa madzi muli mpanda wachitsulo wautali. Pamalo amodzi mpandawo uli ndi mpata, pamene pali masitepe otsikira m'madzi okwererapo timaboti. Mpata umenewo ulibe chitseko, ulibe tcheni, uli ndi mizati iwiri basi.

Bambo anali pomwepo, pakati pa mizati iwiriyo, atandifulatira. Jekete inali itamatirira pamsana. Masitepe sankaoneka, nyanja inali itawameza onse, ndipo funde lililonse linkafika n'kuwanyambita nsapato. Anakweza mkono wamanzere, kuugunditsa pamzati, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Anautsitsa. Anaukwezanso. Mwina anali atachita zimenezi kwa maola atatu. Kutsogolo kwawo kunalibe chowatchinga china chilichonse kupatula kuti mzati uja sunalire.

Ndinafuna kukuwa, ndinadzigwira pakamwa. Ndinafuna kuwalumphira, koma ndinadziwa kuti akadzipokonyola apita kutsogolo, ndipo tipita tonse. Ndinayamba kunyang'ama, phazi limodzi lopanda nsapato. Patatsala mapazi ngati khumi ndinaona kuwala m'dzanja langa. Foni. Uthenga ukamalowa mufoni yanga imalira kamodzi, kakafupi, ndipo a Szeto anali atanena kuti azinditumizira chilichonse chatsopano. Ikanangolira, bambo akanaponda m'nyanja. Kuizimitsa sindinayerekeze, poti nayonso pozima imalira. Pambali panga panali ngalande yodzaza madzi othamanga. Ndinawerama n'kuimiza m'menemo pang'onopang'ono ngati ndikuika dzira, ndipo madzi anaitenga.

Ndinaima kumbuyo kwawo, chapambali pang'ono, pamene dzanja lawo silikanandifika. Sindinati "Ababa". Mawu amenewo akanangowasokoneza. Ndinatenga mawu a atsikana a kusiteshoni, aulemu koma otopa ndi anthu.

"Agogo! Geti limenelo lawonongeka."

Sanacheuke. "Likuchedwa," anatero. "Maboti sanamangidwe, mayi inu."

"N'chifukwa chake ndabwera. Limenelo lafa kuyambira m'mawa, amisiri akubwera mawa. Onse opita kumaboti akudzera kuno."

Funde lalikulu linamenya khoma, madzi anawafika m'maondo, ndipo ndinaona thupi lawo likutengeka pang'ono kenaka n'kubwerera. Ndinadziluma lilime mpaka kumva magazi. Anagunditsanso pamzati kamodzi, ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti sakunamizidwa. Kenaka anatembenuza mutu.

Milomo yawo inali itachita bii ndi kuzizira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato lija, osandidziwa. Ndinatambasula dzanja langa, chikhatho chili m'mwamba, kumanzere kwawo kumene mkono ukanafika mosavuta.

"Apa, agogo. Gunditsani apa."

Anatembenuka thupi lonse, nyanja n'kukhala kumbuyo kwawo. Anaponya phazi limodzi, lachiwiri. Anakweza mkono n'kuuika pachikhatho changa, ndipo kudzera mu nsalu yonyowayo ndinalimva khadi, ndi msoko wanga womwe, wolimba ngati tsiku limene ndinausoka. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka.  Anadikira, mutu uli chopendekeka, kenaka anayamba kucheukiranso kumzati kuja.

"Nalonso lafa?" anafunsa.

"Dutu," ndinatero.

Anadutsa pambali panga mwaulemu, ngati bwana wopita ku ofesi, kulowera kumsewu. Ndinawatsatira n'kulowetsa dzanja langa pang'onopang'ono m'khwapa mwawo, ndipo sanakane. Kutali ndinaona magetsi a galimoto ya apolisi akubwera mumvula. Mpaka lero sindikudziwa kuti ankagwira mnzake anali ndani.

Tikuyenda choncho anandionetsa mkono uja, akuusisita ndi chala.

"Limeneli silitayika, mayi inu," anatero monyadira. "Anasoka mwana wanga wamkazi. Ndi telala woopsa ameneyo, saphonya."