Maso a Overton pa Chithunzi cha Kwaya

Isabella atayamba kuphunzira kukonza zithunzi pa kompyuta kwa a Hezron, omwe amasindikiza makadi aukwati pa boma la Rumphi, anauza anthu kuti akufuna luso. Luso ankalifunadi, koma chomwe chinkamukweza minibasi kuchokera ku Henga Loweruka lililonse anali Muriel.

Muriel ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo woimbitsa kwayayo anali Overton, mwamuna wa Isabella. Pa chithunzi chomwe mpingo unkafuna kuika pa kalendala, Muriel anaima phewa ndi phewa ndi Overton, mano onse pamtunda. Isabella anali kumapeto kwenikweni kwa mzere, pafupi ndi njinga ya munthu wina. Tisabise, nsanje inkamudya mayiyu.

Masabata awiri oyamba ankalimbana ndi mausi, kamuvi ka pa kompyuta n'kumangothawira kukona. Sabata yachitatu a Hezron anamuonetsa kadulidwe ka chinthu m'chithunzi ndi katsekedwe ka malo otsalawo.

“Muyambe kuyesera pa mtengo, mama,” anatero a Hezron.

“Yewo chomene, aphunzitsi, koma ndabwera nacho changa choyeserera.”

Anamudula Muriel mosathamanga, kuyambira duku mpaka nsapato, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Pamalopo anayalapo njerwa za khoma la tchalitchi, imodziimodzi, ndipo ntchito inaoneka bwino zedi.

Atachikulitsa chithunzicho chimwemwe chinatha. Overton anali atapendeketsa mutu, akumwetulira njerwazo. Kumwetulira kumeneko Isabella anakuona komaliza chaka chomwe anamanga ukwati.

“Nanga maso a munthu sangatembenuzike?” anafunsa.

“Zimenezo n'za m'tsogolo, mama. Mwangoyamba kumene.”

Sanagonje. Anadzidula yekha kumapeto kuja, nadzikokera pamalo pa Muriel. Koma Isabella ndi wamfupi, moti maso a mwamuna wake anangodutsa pamwamba pa duku lake. Anadzikweza pang'ono, n'kudzikwezanso, mpaka maso a Overton anagwera pankhope pake ndendende.

A Hezron anasuzumira, nakanda m'mutu.

“Mapazi anu ali m'malere, mama. Aliyense adzaona kuti simunaime pamenepo.”

“Ndikudziwa,” anayankha Isabella, osachotsa maso pa kompyuta. “Muriel ndimubwezera pamalo pake. Koma ndisiyeni kaye pang'ono, bambowa andiyang'aneko.”