Khala Pansi, Lazaro

Bambo anga anayamba kunditchula kuti "mayi" chaka chatha, mvula itangoyamba. Sindikunena mayi waulemu uja amene kholo limatchula mwana wake akakula, ayi. Ndikunena mayi wachilendo, amene umamuthokoza akakupatsa madzi panjira. Ndikawapatsa tiyi ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni." Ine Ivone, amene ndinakawatenga ku Cuamba kuti azidzakhala nane kuno ku Mandimba, amene ndimawameta ndi kuwachapira! Kuchipatala anati ndi kuiwala kwa ukalamba ndipo mankhwala ake palibe. Ndinalira pang'ono, kenako ndinapsa mtima, chifukwa ine kupsa mtima ndiye ndimakutha.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mutu wawo sunataye zonse, unkachita kusankha. Dzina langa linapita, la malemu amayi linapita, koma tsiku lina masana atakhala pakhonde anangoti, "Lazaro uja ndi chitsiru." Anatero akuyang'ana nkhuku, ndipo sanawonjezere kanthu.

Lazaro ameneyu ndinkamudziwa bwino. Bambo anga, a Estêvão, ankakonza mabogi a sitima ku Cuamba, ndipo Lazaro ankagwira ntchito pasiteshoni pomwepo, yoimba apitu, kamluzu kachitsulo kouza sitima kuti inyamuke. Vuto lake linali lakuti apituyo sankaisiya kuntchito. Lamulungu lililonse ankapita nayo kumpira, ndipo anali munthu wamtali amene sankadziwa kuti matako ndi okhalira.

Aliyense wa ku Cuamba wa msinkhu wanga ali ndi nkhani yake ya mpira umene unachitika nkhondo itangotha. Msewu unali utatseguka, ndipo anyamata a ku Lichinga anabwera palole kudzasewera ndi timu yathu ya anthu a njanji. Tauni yonse inakhamukira kukampu, bwalo lathu la mpira, Akhristu ndi Asilamu, ngakhale amayi amene sankadziwa kuti golo ndi mbali iti. Anthu ankangofuna kuona alendo abwera opanda mfuti. Ine ndinali nditangoyamba sukulu. Tinakhala pamatabwa akale a njanji amene anayalidwa ngati mabenchi, ndipo kutsogolo kwathu kunaima Lazaro.

Mpira unatsala pang'ono kutha popanda chigoli. Mnyamata wathu wina anautenga n'kuthamanga nawo, ndipo pomwepo Lazaro anaimba apitu. Otchinga kumbuyo a ku Lichinga anaima, poganiza kuti ndi woimbira mpira. Wathuyo sanaime mpaka anagoletsa. Fumbi linakwera, anthu anavina mpaka kusiteshoni, ndipo mpaka lero ena amalumbira kuti anaona mpira ukuboola ukonde. Ine chimene ndinaona ndi msana wa Lazaro, malaya oyera atanyowa ndi thukuta.

Munthu mmodzi yekha mu Cuamba monse sanavine, bambo anga. Ankati chinali chigoli chakuba, ndipo kuba pamaso pa alendo tsiku lotero kunali kochititsa manyazi. Anakangana ndi Lazaro tsiku limenelo, n'kupitiriza kukangana Lamulungu lililonse mpaka onse anapuma pantchito. Koma malo sanasinthe. Amayi ankawafunsa kuti, "Kodi kampu yonse ija mulibe pena pokhala?" Iwo ankayankha kuti, "Ndikachoka ine, azimudzudzula ndani?"

Ndiye nditamva dzina limenelo pakhonde, ndinachita nsanje, ndinene zoona. Chitsiru cha apitu chatsala m'mutu mwawo, mwana wawo watuluka. Koma nsanje itazizira ndinaganiza kuti ngati khomo limodzi lili chitsegukire, ndilowere pomwepo. Ndinafunsafunsa kwa anthu akale a njanji mpaka ndinamva kuti Lazaro anabwerera kwawo ku Itepela. Ndinasiya bambo ndi mnansi wanga Zainabo n'kukwera chapa, minibasi yakuno.

Ndinamupeza akukonola chimanga, atafupika ndithu, maondo akuvuta. Ndinamupatsa moni ndi ulemu wonse, ngakhale mumtima ndinali ndisanamukhululukire za msana uja.

"Mwana wa Estêvão!" anatero. "Kodi mdani wanga ali moyo?"

"Ali moyo, bambo Lazaro, koma sakundidziwa. Akudziwa inu."

"Akuti chiyani za ine?"

"Akuti ndinu chitsiru."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapukuta m'maso ndi chala. Ndinamuuza kuti Lamulungu likudzalo timu ina ya ku Cuamba idzasewera ku Mandimba, ndipo ndikufuna adzaime kutsogolo kwathu monga kale. Anayamba kukana. Anati tsopano ndi mkulu wa mpingo, zaphokoso anasiya. Ndinamufunsa ngati apitu anataya.

"Ilipo," anayankha. "Ndimaopsezera anyani kumunda."

Lamulungu anafika atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Bambo ndinawakweza pa njinga ya kabaza mpaka kukampu, n'kuwakhazika pabenchi ya kutsogolo pakati pa ogulitsa nzimbe ndi anyamata amene ankaonera mpira wina pafoni. Lazaro anagwada pamaso pawo, maondo akulira.

"Estêvão, wandidziwa?"

Bambo anamuyang'ana mofatsa n'kumupatsa dzanja. "Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni."

Mtima wanga unagwa. Lazaro naye anafooka, anakakhala pambali pathu n'kupinda manja. Chigawo choyamba chonse anakhala phee, akuombera m'manja mwaulemu ngati ali m'tchalitchi. Bambo ankayang'ana mbuzi imene inkadya udzu kuseri kwa golo. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza kuti mwina ndi mmene zinthu zimathera, kuti masewera aakulu aja amakhala ndi moyo pokhapokha pali wina wowakumbukira, ndipo wanga anali atatsala pang'ono kuzima. Kenako mkwiyo wanga unabwerera.

"Bambo Lazaro," ndinatero, "sindinakutengeni ku Itepela kuti mudzakhale ngati mkwatibwi. Moyo wanu wonse mwasowetsa anthu mtendere osapemphedwa. Lero ndakupemphani, mukuchita manyazi?"

"Ndi wodwala, mwanawe. Ndingamuchite chipongwe bwanji?"

"Ulemu ndimawapatsa ine tsiku ndi tsiku, ndipo sunathandize."

Lazaro anavula jekete n'kundipatsira, malaya oyera anaonekera, ndipo anadzuka pang'onopang'ono n'kukaima kutsogolo kwenikweni kwa bambo. Anayamba ndi mawu, akulangiza osewera amene sankawadziwa n'komwe. "Patsira iwe! Kodi miyendo wabwereka?" Anthu akumbuyo anayamba kudandaula. Wina anamugenda ndi khoko la nzimbe. Iye mawu anangokulirakulira, msana unawongoka, ndipo mnyamata wa ku Cuamba atangothamanga ndi mpira, Lazaro anapisa dzanja m'thumba.

Apitu inalira. Osewera onse anaima. Woimbira anatembenuka akufunafuna wolakwa, ndipo kampu yonse inayamba kutukwana nkhalamba yopanda khalidwe.

Ndinaona dzanja la bambo likunyamuka pabondo pawo. Linagwira malaya a Lazaro kumsana n'kukoka.

"Lazaro! Galu iwe, khala pansi!" Mawu anali awo enieni, aja a ku Cuamba, okalipa. "Khala pansi, Ivone wanga sakuona!"

Dzanja linalo linandifunafuna pabenchi n'kundigwira pamkono, molimba, monga ankachitira kuti ndisasowe m'chigulu cha anthu. Sanandiyang'ane. Maso awo anali pamsana paja. "Usalire, mwanangu," anatero, "akhala pansi pompano, uona."

Ndinali ndikulira kale, mayi wamkulu wa ana atatu, jekete la mwini wake lili pamiyendo. Lazaro anacheuka, nkhope yonse itanyowa. Maondo anali atatopa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayamba kupinda miyendo kuti amvere bambo anga.

Ndinamugwira pachigongono n'kumukankhira m'mwamba.

"Musakhale," ndinamunong'oneza. "Chonde, imanibe."