Madengu Osasechedwa

"Manga msanga chingwecho, lole siidikira munthu," anatero mayi Rukiya ataima pakhomo, osaponda kunja.

Anali pa eda, miyezi ija mkazi wamasiye sachoka panyumba. Amuna awo, a Kalilu, anali atangoikidwa kumene, ndipo usipa umene anausiya pathandala unkafunika kugulitsidwa kuti papezeke mpunga wa sadaka ya malirowo. Asiya, mwana wawo wamkazi, anakoka chingwe ndi mano, n'kuyang'ana mchimwene wake Abasi, amene anakhala patsinde pa mango akusoka ukonde.

"Achimwene, madengu awiri ine ndekha? Ntchito ya bambo ndi yanu imeneyi."

"Ine msewu uja sindiyenda," anayankha Abasi, maso ali pa ukonde.

"Chifukwa?"

"Ndati sindiyenda. Khadi watenga?"

Asiya anagwira pachifuwa, pamene anamangirira khadi la chipani m'kansalu. Sanafunsenso. Kuyambira tsiku limene Fakiri, mwamuna wa Asiya, anatsitsidwa m'lole pa rodibuloko, zaka ziwiri zapitazo, Abasi anali asanapondeko ku boma. Aliyense ankati ndi chisoni, poti awiriwo ankapalasa bwato limodzi.

Lole inafika ku Liwaladzi kusanache bwino, itadzaza kale ndi amayi a mpunga ndi anthu a ku Dwambazi opita kuchipatala. Kondakitala anaponya madengu pamwamba, n'kumulozera pangodya.

"Malo a bambo anu ndi apo. Pepani ndi zovuta."

Anayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa malole a shuga ochokera ku Dwangwa, akumeza utsi. Apanjinga ankathawira m'tchire, ngolo ya ng'ombe inawatsekera njira mpaka dalaivala anatukwana. Asiya ankaganiza za bambo ake, amene anayenda ulendo umenewu m'mawa uliwonse akachoka ku swala, mapemphero a kumzikiti, kuyambira iye ali wamng'ono. Ankaganizanso za tsiku lija anabwera okha madzulo, malaya ali fumbi lokhalokha, akulira ngati mwana. "Ndawagwadira, mwanawe, andikankha. Fakiri amutenga." Palibe anawauza kumene anapita naye, ndipo palibe analimba mtima kufunsa.

Atayandikira mlatho wa Bua, m'lole munangoti zii. Kutsogolo kunali migolo iwiri ndi mtengo wopingasa, malole atandandalika, anyamata a malaya ofiira akuyendayenda ndi zibonga.

"Tsikani nonse! Makhadi m'manja!"

Anamasula matumba a mpunga, n'kumapisamo manja mpaka m'zigongono. Gogo wina amene khadi lake linali la chaka chatha anamukhazika padzuwa pambali pa msewu. Asiya anayamba kumasula chingwe cha dengu lake, koma mkulu wa anyamatawo, wina wamtali dzina lake Filipo, anamuletsa ndi dzanja.

"Siyani, chemwali. Madengu awa ndikuwadziwa, sasechedwa. Ndinu mwana wa a Kalilu? Ndinu Rahila eti, wokwatiwa ku Ngala uja?"

Rahila anali mng'ono wake. Asiya anafuna kukonza, koma pamalo pamenepo munthu sachulutsa mawu. Anangogwedeza mutu.

"Tinamva za maliro. Tataya munthu wathu," anatero Filipo, n'kuvula chipewa. "Madala aja anali okhulupirika. Mkulu wanu aziwathokoza, anamuchotsera njoka m'nyumba."

"Njoka?"

"Mwamuna wake uja. Kunyanja kunamveka mawu kuchokera m'bwato mwawo, wina akuti khadi la chipani n'lofunika kuyatsira moto. Tinawafunsa pompano kuti, m'bwato mwanu mumakhala anyamata awiri, wanena ndi uti? Sanachedwe n'komwe. Anangoloza ndi mlomo, mkamwini ali chikhalire pa dengu."

Sabata imeneyo Asiya ankaikumbukira bwino. Fakiri sanalowe m'madzi ngakhale kamodzi, chifukwa mbedza inali itamung'amba chikhatho, ndipo amene ankamutsuka bala ndi madzi amchere anali iye mwini. N'chifukwa chake anali m'lole tsiku limenelo, kuthandiza apongozi ake kunyamula katundu.

"Kwerani, chemwali. Mupereke moni kwa amayi."

Kumsika wa ku boma anagulitsa usipa wonse kwa munthu woyamba amene anatchula mtengo. Mpunga sanagule. Pobwerera mtengo wa pa rodibuloko unakwezedwa, Filipo n'kumubayibitsa ngati m'bale.

Anawapeza amayi ake akupeta nyemba pakhonde la kuseri, Abasi ali pambali akumwa tiyi.

"Mpunga uli kuti?" anafunsa mayi Rukiya.

Asiya anaponya madengu opanda kanthu pansi.

"Achimwene, ananena kuti khadi n'loyatsira moto ndani?"

Kapu inaima m'malere. Abasi anayang'ana amayi ake, ndipo kuyang'anana kumeneko kunamuuza Asiya zonse zimene zinatsala.

"Tsitsa mawu, iwe," ananong'ona mayi Rukiya. "Mipanda ili ndi makutu."

"Ndiye munkadziwa. Nonse. Ine ndikulira pamkeka apo, inu mukundisisita msana, mukudziwa."

"Ndinali ndisakudziwa kuti afika pomutenga," anatero Abasi. "Ndinangolankhula, mphepo n'kutenga mawu. Bambo anandiletsa kukadzipereka. Anati tikatayika awiri."

"Anakuletsani, inu n'kumvera. Zaka ziwiri mukudya nsomba za m'bwato limene anakhoma ndi Fakiri."

"Bambo ako anafunsidwa kuti asankhe," anatero mayi Rukiya. "Pakati pa mwana wobala ndi mwana wa eni. Ukanakhala iwe ukanaloza uti?"

"Nanga ine sindine wobala? Mwana wanga Madina amene sadziwa nkhope ya bambo ake, si magazi awo?"

Nkhuku zinayamba kutola nyemba m'lichero, osapezeka wozithamangitsa.

"Mawa ndikupita kwa apongozi anga," anatero Asiya. "Akamve kuti mwana wawo sanalakwe. Sadaka muphike nokha."

"Ukakanena, abwera kudzanditenga," anatero Abasi.

"Ine sindiloza munthu, achimwene. Sindinatengere zonse kwa bambo."

Analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda nsalu zake ndi za mwana. Patapita kanthawi anamva mapazi kumbuyo. Anali amayi ake, atanyamula mkeka wa swala wa a Kalilu, umene unali chipindireni tsiku la imfa yawo. Anagwada, n'kuufunyulula pang'onopang'ono.

M'kati mwake munali kofiya yoyera. Asiya anaizindikira nthawi yomweyo, poti maluwa a m'mbali mwake anapeta yekha asanakwatiwe.

"Inagwa pamsewu pamene ankamukweza Fakiri m'galimoto," anatero mayi Rukiya. "Bambo ako anaitola. Swala iliyonse ankaiika kudzanja lawo lamanja, ngati pali munthu waima nawo. Kuchapa ankachapa okha, ine osandilola kuigwira."

Asiya anaitenga. Ulusi wobiriwira uja unali utayera ndi sopo, m'mphepete mutaperepeseka ndi zala. Anaiyandikitsa kumphuno, kufunafuna fungo la mwamuna wake, koma inkanunkhira bambo ake okhaokha.

Anaiika pakati pa nsalu za Madina, n'kumanga mtolo. Mkekawo anausiya pomwepo, uli chifunyulire.