Tsiku Limene Sikuta ya Ababa Inakana Kulira

Ababa atamwalira, sikuta yawo yobiriwira inangokhala pakhonde pathu ku Mwembetanga, itafunditsidwa nsalu. Amayi anali m'eda, nthawi yolira mwamuna wawo, miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo, ndiye palibe amene anailiza. Ndisabise, sikutayi ndinkaikonda kuposa abale ena. Ndili wamng'ono ndinkaima kutsogolo, pakati pa mawondo a ababa, tikupita kusukulu, buledi wotentha akulendewera pachiwongolero. Iwo ankapereka moni khomo lililonse, ine ndikusuzumira kuti ndione amene wagona atakangana ndi mwamuna wake.

Patapita masiku atatu eda itatha, kunabwera a Shaame, ang'ono awo a ababa. Anthu amati akazi awo ndiwo amawatuma, koma zimenezo musati mwamva kwa ine.

"Alamu, chinthu ichi chinafa," anatero. "Ndadina batani kakhumi, zii. Kiki yolizira ndi phazi nayo inathyoka kalekale. Masana kubwera wogula zitsulo. Ikalira ikhale, ikapanda kulira ipite."

Amayi anangondituma kukaitana a Kombo, makaniko amene ankamwa khofi ndi ababa pabenchi imodzi zaka zonse.

"Riziki, gwira sipanala iyi, mwina pakamwa papumako," anatero a Kombo atafika.

Anayamba ndi hutala. Inalira ngati mbuzi yachimfine. Anachotsa batire n'kuika lawo, nyali zinayaka bwinobwino. Anasolola fyuzi, anaiyang'ana padzuwa, inali yamoyo. Kenako anagwira buleki n'kudina batani. Zii. Anatchera khutu pansi pa mpando, ngakhale kakuti tiki sikanamveke.

"Moto sukuchoka kuno kumwamba," anatero, akumasula kabokosi ka batani pachiwongolero. Mmene anatsegula, munatuluka timadzi toterera, ndipo timawaya tinali titachita dzimbiri. "Kodi sikutayi inapita kukasambira kunyanja?"

Azakhali anga a Mwatima, amene ankasankha mpunga pakhomo, anadzutsa mutu.

"Ndinaisambitsa ine. Eda ikatha, zonse za malemu zimachapidwa. Mikanjo ndachapa, zisoti ndachapa, mkeka ndachapa. Nanga iyi sinali yake? Ndowa zitatu, ndi sopo yemwe."

"Mukanaiyanikanso pachingwe, achemwali."

"Iwe Kombo, ndinakupukutapo mamina uli mwana. Usandiyambe."

Ine ndinaseka mpaka kugwetsa sipanala. A Kombo anapala timawayato ndi sandipepa, kabokosiko n'kukayanika pachithandala cha azakhali, pambali pa mpunga. Tili kudikira, wogula zitsulo anafika ndi ngolo yake n'kuima pampita. Amayi a pakhomo loyandikana anatulukanso, ati akusesa, koma malo amodzimodzi.

"Tisachedwetse munthu," anatero a Shaame.

"Mukuthamangira kuti, bwana? Kwanu kwaphikidwa kale?" anafunsa a Kombo.

Anabwezeretsa zonse, anamanga, kenako anasuntha n'kuyang'ana amayi anga. "Mayi Tatu, dinani ndinu. Buleki kumanzere, batani kumanja."

Zaka makumi awiri amayi ankakhala kumbuyo chammbali, chiwongolero anali asanachigwirepo. Anapukuta manja pansalu yawo, anagwira, anadina. Sikuta inatsokomola kawiri, kenako inalira, kulira komwe kuja kumene tinkamva madzulo aliwonse ababa akukhota pakona. Amayi anaisiya ikulira n'kulowa m'nyumba. Palibe amene anawatsatira, ngakhale ine.

Atatuluka, maso anali ofiira, koma mawu anali bwinobwino.

"Alamu, mwamva nokha. Muuzeni munthu wanuyo apite." Kenako anatembenukira kwa a Kombo. "Lachisanu mukachoka kumzikiti mubwere mudzandiphunzitse. Kumsika ndizipita ndekha."

A Shaame anachoka osamwa tiyi. Sikutayo ilipobe pakhonde, ndipo azakhali aloledwa kuipukuta ndi kansanza kouma basi.