Makiyi m'Buti ya a Kaitano

Fainess anaima pamthunzi kunja kwa tchalitchi ku Wadzanai, akuonerera mlamu wake, a Kaitano, akutsimphina uku ndi uku mozungulira galimoto, thukuta lili kamukamu. A Kaitano anali mkulu wa mpingo, ndipo mmawa womwewo anamuimiritsa Fainess pamaso pa anthu chifukwa chokaonerera gule wamkulu pamaliro kukomboni ya mgodi. Tsopano anali atatsekera makiyi m'buti ya Pijo yawo yakalekale ija, imene ankaipukuta kuposa nkhope yawo.

"Tikutsegulirani pompano, baba," anatero abambo a mumpingo.

"Isiyeni! Galimoto iyi si ya masiku ano, mundiwonongera loko!"

Loko wake uti? Fainess anaseka chamumtima. Munthu wokana thandizo dzuwa likuswa mtengo chonchi ndiye kuti akubisa kanthu.

Enock, wokumba golide ku Kitsiyatota, sanamvere. Zitseko zinali zosakiya, choncho analowa, nazula mpando wakumbuyo, napisa mkono m'buti mpaka m'phewa. Chimene anasolola sanali makiyi ayi. Chinali chigoba cha gule, chofiira psuu, cha nthenga za nkhanga.

Anthu onse pabwalo anatembenukira kwa a Kaitano.

"Ndinachilanda kwa achikunja," anatero a Kaitano. "Ndimati ndikachiwotche."

Fainess anatuluka pamthunzi paja, nagwada mwaulemu wonse.

"Kawotcheni ndithu, alamu. Ine pamaliro paja ndimangodabwa kuti gule ameneyu bwanji akutsimphina mwendo wamanzere ngati inu."