Timabokosi Topanda Kanthu

"Ndati usanditchulire abambo ako. Ndipatse selotepiyo."

"Koma amayi, mwawauza n'komwe kuti mukusamuka?"

"Amva kwa iwe. Si iwe positi wawo?"

"Simungangonyamuka ngati mlendo. Dikirani pang'ono, mwezi umodzi wokha, zinthu zikuyenda bwino."

"Zikuyenda bwino kuti? Zaka zitatu, mwanawe. Selotepi."

Ndinawaponyera m'malo mowapatsa m'manja, ndipo anandiyang'ana ndi diso lija amayang'anira odwala obisa mapiritsi pansi pa pilo. Linali Lachisanu masana. Pabalaza panali makatoni okhaokha, makatani atachotsedwa, pakhoma patatsala misomali. Amayi ndi namwino. Anali atavomera kusamutsidwira ku chipatala china, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, ndipo lole inali kubwera m'mawa mwake.

Bambo amakonza mawotchi. Chichokereni panyumba zaka zitatu zapitazo amagona m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yawo. Sanamenyane, sanasudzulane. Tsiku lina amayi anangoti atopa kuyankhula ndi khoma, bambo n'kutenga sutikesi osayankha, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi khomadi.

Chimene sanasiye ndi masewera a mawu a patsamba lomaliza la nyuzipepala, aja a timabokosi takuda ndi toyera, a mafunso okhotakhota. Anayamba ine ndisanabadwe: bambo mawu opingasa ndi pensulo, amayi otsika ndi cholembera chofiira cha kuntchito. Atapatukana, tsambalo linayamba kukwera minibasi. Lolemba bambo alemba awo, ine n'kubwera nalo kunyumba. Amayi alemba awo, koma nthawi zonse ankasiya awiri kapena atatu ovuta, n'kuikapo chizindikiro cha funso. Lachinayi ndibwerera nalo kushopu, bambo n'kulemba m'mphepete mwa tsamba mmene funsolo limamasulidwira, ndi tizilembo tating'ono ngati nyerere. Ndiye chifukwa chake ankanditcha a Positi.

Tsiku lina anandikhazika pampando wa makasitomala kuti andiphunzitse.

"Werenga ili. 'Lamba wasokonekera, wasanduka wakuba.' Zilembo zisanu."

"Ndiuzeni yankho, bambo, minibasi ikudzaza."

"Yankho lopanda chifukwa ndi wotchi yopanda mivi. Mawu akuti 'wasokonekera' akukuuza kuti usakanize zilembo za lamba. Sakaniza mpaka zikupatse wakuba."

"Mbala."

"Eya! Waona? Funso lililonse lili pawiri, mbali ina ikukuuza chinthucho, ina ikukuuza njira. Ukathamanga umangogwira imodzi."

Ine ndinali nditathamanga kale, ndili pakhomo. Ndinali nditangomaliza sukulu, ndikudikira zotsatira za mayeso, mutu utadzaza nkhani zachikondi za pafoni. Kwa ine tsamba lija linali kalata ya chibwenzi. M'minibasi ndinkalota bambo akutsika ndi sutikesi yawo mvula ikuwaza, amayi akuthamanga opanda nsapato kukawachingamira. Ndinali nditasankha ngakhale diresi yoti ndidzavale tsikulo. Chimene chinkanditopetsa n'chakuti anthu awiriwa ankayenda ngati wotchi yotha batire.

Miyezi iwiri yapitayo, Lachinayi m'mawa, amayi anandibwezera tsamba lopanda inki yofiira ngakhale kadontho.

"Mwaiwala kulemba."

"Sindinaiwale. Kawapatse choncho."

Ndinafika pasiteji ya minibasi. Ndinaganiza kuti bambo akaona timabokosi topanda kanthu adzati basi, zatha, ndipo Lolemba sadzagulanso nyuzipepala. Ndinalowa m'sitolo n'kugula cholembera chofiira. Pafoni pali gulu lina limene limaika mayankho onse tsiku lomwelo. Ndinakhala pabenchi, tsamba pabondo, n'kulemba otsika onse, ndikupendeketsa zilembo ngati amayi. Sindinasiye ngakhale limodzi. Ndinkati akaona onse atadzaza adziwa kuti amayi akuikapo mtima.

Bambo analiyang'ana nthawi yaitali ndi galasi lawo la diso limodzi.

"Onse?"

"Onse."

"Ngakhale ili la 'Wotentha wabisala mumo tonse'? A mawu obisala m'kati mwa anzawo aja amawavuta chikhalire." Analoza ndi pensulo pakati pa 'mumo' ndi 'tonse', pomwe panabisala moto. "Chabwino. Athwa."

Madzulo amayi anandifunsa, maso ali pa mbale zimene ankatsuka, "Anati chiyani?"

"Palibe. Anangolandira."

Anatsuka mbale imodzimodziyo kawiri.

Zinayenda choncho sabata zisanu ndi zitatu. Amayi kubweza losalemba, ine kudzaza pabenchi, bambo kulandira. M'mphepete mwa tsamba munasiya kuoneka nyerere zija, poti panalibenso funso loti amasulire. Sabata yachisanu bambo anandiuza akupukuta galasi, "Amayi ako masiku ano sakufunanso mphunzitsi." Anaseka, ine n'kuseka nawo, ndikudziyesa katswiri. Lachinayi lililonse amayi ankasintha malaya akaweruka, n'kukhala pampando woyang'ana pachipata mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkati akupumula.

Ndiye pa Lachisanu lija, pakati pa makatoni, ndinayesanso komaliza.

"Bambo amakukondani. Sanaphonyepo Lolemba ngakhale limodzi."

"Amakonda timabokosi tawo." Anakoka selotepi mwamphamvu mpaka inalira. "Miyezi iwiri ndikuwabwezera pepala loyera. Munthu wamoyo akanadabwa. Iwo angolandira, n'kutumiza lina, ngati makina."

Ndinakhala pakatoni ya mabuku.

"Silinkafika loyera."

"Wati chiyani?"

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa cholembera chija, inki itatsala pang'ono kutha. Ndinafotokoza zonse, za benchi, za gulu la pafoni, za zilembo zopendekeka. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwinanso kundiponyera selotepiyo. Anangotenga cholemberacho n'kuchitembenuza m'manja.

"Unkalemba onse?"

"Onse."

"Osasiyako ngakhale limodzi?"

"Ndinkafuna aone kuti mukulimbikira."

Anaseka kaseko kopanda mano. "Mwana wopusa iwe. Ukuganiza kuti aja ndinkasiya ankandivutadi? Ine ndinapeza moto m'funso ngati lomwelo iwe usanamere mano. Ndinkawasiyira kuti apeze cholemba m'mphepetemo. Abambo ako pakamwa n'pokhoma, koma uwapatse funso ndi pensulo, akulembera mpaka tsamba kutha."

"Iwo anati simukufunanso mphunzitsi."

Apo ndiye anakhala pansi, pasimenti penipeni, yunifolomu yoyera ili m'thupi.

Ndinadzambatuka. "Ndithamangira kushopu. Ndikawauza kuti ndine, abwera pompano, mphindi makumi atatu zokha."

"Khala pansi. Kuthamanga kwakoko sikunakukwanire?" Sanakweze mawu. "Kalata ndinasaina, malo anga apatsa kale wina, makiyi a nyumba ino ndikupereka mawa. Ndipo akabwera lero abwera chifukwa wawaitana iwe. Zimenezo ndiye ayi."

Panja galimoto ya zinyalala inadutsa ikuliza belu. Ndinayang'ana mpando woyang'ana pachipata uja, miyendo yake itamangidwa kale ndi chingwe pamodzi ndi tebulo.

"Nanga bwanji simunangonena? Kwa ine, kapena kwa iwo? Munkafuna chiyani kwenikweni, amayi?"

Anaika cholembera chija pakatoni, pang'onopang'ono, ngati chingasweke.

"Ndinkafuna aone timabokosi topanda kanthu, atseke shopu dzuwa likadalipo, akwere minibasi okha popanda positi, adzagogode pachitseko icho. Andifunse ndi pakamwa pawo kuti, 'Mayi a mwana, chavuta n'chiyani?' Ngakhale akanabwera kudzandikalipira, ndikanawatsegulira. Ndinkangofuna andifunse."